Mutu Ukakula Sulewa Nkhonya: Mbiri ya Meja Mohit Sharma

Nkhondo ziri za mitundu iwiri. Ina ndi ya poyera, imene magulu awiri a asilikali ayang'anizana, ndipo msilikali adziwa mdani wake poona zobvala zake. Ina ndi ya kabisira. M'nkhondo yotere mdani sabvala yunifomu ai. Usana akhoza kukhala pa msika pakati pa anthu wamba, usiku nakatenga mfuti yake kumene anaibisa. Anthu omenyana ndi Boma mwa njira imeneyi ndiwo zigawenga. Asilikali a K.A.R. a ku Nyasaland anaiona nkhondo ya mtundu umenewu m'nkhalango za ku Malaya m'zaka zoyamba za m'ma 1950. Nkhani ino ndi ya mkulu wina wa asilikali a dziko la India, dzina lake Meja Mohit Sharma, amene anafera m'nkhondo yotere m'caka ca 2009, ali ndi zaka 31 zokha.

Dziko la Kashmir

Kumpoto kwa India kuli dziko la mapiri aatali, dzina lake Kashmir. M'nyengo yozizira mapiriwo akutidwa ndi cipale cofewa, ndiwo madzi oundana ogwa kumwamba, oyera ngati ufa. M'caka ca 1947 Angelezi anacoka ku India, ndipo dzikolo linagawidwa pawiri: India, kumene Ahindu ali ambiri, ndi Pakistan, kumene Asilamu ali ambiri. Anthu ambiri a ku Kashmir anali Asilamu, koma mfumu yao, Hari Singh, inali Mhindu. Pamene anthu a mfuti ocokera ku Pakistan analowa m'dziko lake, mfumuyo inapempha thandizo kwa India, nibvomera kuti Kashmir akhale mbali ya India. Nkhondo inabuka, ndipo pamene inaleka mu 1949, dzikolo linali litang'ambika pakati. Malire ake apita m'mapiri ndi m'nkhalango, ndipo asilikali a maiko awiriwa akali kuyang'anizana pamenepo kufikira lero.

M'caka ca 1989 anyamata ambiri a ku Kashmir anaukira Boma la India. Anali ndi mkwiyo, pakuti ambiri anakhulupirira kuti cisankho ca 1987 sicinayende mwa cilungamo. Ena anafuna kudzilamulira okha, ena anafuna kuphatikana ndi Pakistan. Pambuyo pake magulu ena a mfuti anayamba kudutsa malire kucokera tsidya la Pakistan. Kuyambira pamenepo anthu zikwi zambirimbiri afa: asilikali, zigawenga, ndi anthu wamba osalakwa. Ahindu ambiri a m'cigwa ca Kashmir anathawa, nasiya nyumba zao. Asilamu ambiri a m'midzi anadandaula za nkhanza zimene asilikali ena anawacitira. Ili ndilo dziko limene Mohit Sharma anatumidwako.

Ubwana ndi maphunziro

Mohit anabadwa pa 13 Januwale, 1978, m'mzinda wa Rohtak m'cigawo ca Haryana, ndipo anamaliza sukulu ku Ghaziabad, pafupi ndi Delhi, mu 1995. Anali mnyamata wokonda nyimbo, wodziwa kuliza gitala ndi limba la pakamwa. Atatha sukulu anapeza malo pa koleji ya uinjiniya ku Shegaon. Akadakhala pomwepo, bwenzi atakhala munthu wa malipiro abwino, wogona m'nyumba yake usiku uliwonse. Koma mtima wake unali kwina. Caka comweco anaisiya kolejiyo, nakalowa sukulu ya atsogoleri a nkhondo ya National Defence Academy, pafupi ndi mzinda wa Pune. Kumeneko anachuka pa kusambira, kukwera kavalo, ndi masewera a nkhonya. Atapitiriza maphunziro ku Dehradun, anapatsidwa udindo wotsogolera asilikali pa 11 Disembala, 1999, m'gulu lacisanu la Madras Regiment.

Sipanapite nthawi yaitali, anatumizidwa ku Kashmir m'gulu la Rashtriya Rifles, limene Boma linalikhazikitsa mu 1990 kuti lilimbane ndi zigawenga. Anagwira nchito yake bwino, kotero kuti analandira ciyamiko cocokera kwa mkulu wa asilikali onse a dzikolo.

Asilikali apadera

M'gulu la nkhondo la India muli kagulu kena ka asilikali apadera, odziwa kudumpha m'ndege ndi cinsalu cotambasuka ngati ambulera. Palibe munthu akakamizidwa kulowamo. Wofuna apempha yekha. Opemphawo ayesedwa miyezi ingapo ndi mayeso owawa. Athamanga mitunda yaitali atasenza katundu wolemera, agona pang'ono, nthawi zina adya zimene angazipeze m'chire. Ambiri alephera, nabwerera ku magulu ao akale. Otsalawo aphunzira kuyenda usiku osamveka, kumanga mabala a anzao, ndi kulankhula cinenero ca anthu a kumene akagwira nchito. Iwo ayenda m'timagulu ta anthu owerengeka, kutali ndi thandizo, ndipo cifukwa ca ici moyo wa aliyense uli m'manja mwa mnzake. Pa cifuwa abvala cizindikiro colembedwa mau akuti Balidan, ndiko kunena kuti nsembe, kapena kudzipereka.

Mohit anapempha kulowa m'kagulu kameneka, napambana mayesowo, ndipo mu 2003 anakhala mmodzi wa gulu loyamba la asilikali apaderawo. Akulu anati walira mvula walira matope. Iye anadziwa bwino lomwe matope amene anali kuwalira, pakuti anali ataiona kale nkhondo ya ku Kashmir ndi maso ake.

Bvuto lalikulu la nkhondo ya kabisira ndi kupeza mdani. Asilikali akazinga mudzi wonse ndi kusautsa anthu onse cifukwa ca zigawenga ziwiri, anthu osalakwa akwiya, ndipo mwa ana ao mutuluka zigawenga zina khumi. Motero msilikali wanzeru afunafuna wolakwa yekhayo, ngakhale kutero kuika moyo wake pa ngozi. Mbiri imene inalembedwa pambuyo pake inena kuti m'caka ca 2004 Mohit anaweta ndebvu ndi tsitsi, nadzicha dzina lakuti Iftikhar Bhatt, nakalowa pakati pa gulu la zigawenga la Hizbul Mujahideen m'dera la Shopian. Anawauza kuti asilikali anamphera mbale wake, ndipo afuna kubwezera. Anakhala nao mpaka anamkhulupirira, ndipo pa mapeto ake anapha akulu ao awiri. Kuona maso a nkhono nkudekha: liu limodzi lolakwika likadamphetsa. Pa nchito ya caka cimeneco anapatsidwa mendulo ya kulimba mtima, dzina lake Sena Medal.

Kuyambira 2005 kufikira 2006 anali mphunzitsi wa asilikali ku Belgaum, mzinda umene tsopano dzina lake ndi Belagavi. Mu 2008 anabwereranso ku Kashmir.

M'nkhalango ya Hafruda

Cipale cikayamba kusungunuka, njira za m'mapiri zitseguka, ndipo ndiyo nthawi imene anthu a mfuti ayesa kudutsa malire. M'mwezi wa Malichi, 2009, kunamveka kuti gulu lalikulu lalowa m'nkhalango yowirira ya Hafruda m'boma la Kupwara. Pa 21 Malichi Meja Sharma anatsogolera anyamata ake kukalondola mapazi ao. Ataona kanthu kakugwedezeka m'mitengo, anacenjeza otsogola; koma pomwepo mfuti zinalira kucokera mbali zitatu, ndipo asilikali ake anai anabvulala nthawi yomweyo.

Apa ndi pamene mtsogoleri adziwika. Meja akadatha kubisala kuseri kwa mwala ndi kutuma wina kukatenga obvulalawo, ndipo palibe akadamdzudzula. Koma iye anakwawa yekha pansi pa zipolopolo, nakokera awiri a iwo pa malo obisika. Pamenepo anaponya mabomba a m'manja, napha zigawenga ziwiri, koma cipolopolo cinamlasa pa cifuwa. Mfuti zitakhala cete kanthawi, iye anapitiriza kulangiza anyamata ake, mwazi ulikutuluka. Ataona kuti ngozi iwayandikiranso, anadzuka nathamangira adaniwo, naphanso ena awiri pafupi. Ndipo anamwalira ndi mabala ake. Nkhondo ya m'nkhalangomo inatha patapita masiku angapo. Asilikali 8 a India anafa, ndi zigawenga 17.

Mtengo wa utsogoleri

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Anthu ambiri aganiza kuti ukulu ndiwo kukhala pa mpando ndi kutuma ena. Koma kumene anthu ali owerengeka ndipo imfa iri pafupi, asilikali satsata nyenyezi za pa phewa. Atsata munthu amene adziwa kuti sadzawasiya akagwa. Cikhulupiriro cotere sicigulidwa, ndipo sicimera tsiku limodzi. Cimene Meja Sharma anacita ku Hafruda cinayamba kale, tsiku limene anasiya koleji ya uinjiniya. Cinakula pamene anapempha yekha nchito yoopsa koposa, ndi pamene anabwerera ku mapiri atalawa kale mtendere wa uphunzitsi. Nyakwawa ya mudzi, kapitao wa pa nchito, ndi mwini banja sakumana ndi zipolopolo, komabe muyeso wao ndi womwewo: tsoka likadza, kodi aima patsogolo pa anthu ake, kapena kumbuyo kwao?

Pa 26 Januwale, 2010, m'mzinda wa New Delhi, Pulezidenti Pratibha Patil anapereka mendulo ya Ashoka Chakra kwa mkazi wamasiye wa Meja Sharma, amene nayenso anali mkulu wa asilikali. Imeneyi ndiyo mendulo yoposa zonse imene India apereka kwa munthu wolimba mtima pa nthawi imene dziko siliri pa nkhondo ya poyera. Mu 2019 siteshoni ina ya sitima ku Ghaziabad inapatsidwa dzina lake, ndipo anthu opita ku nchito alimva dzinalo masiku onse.

Koma dzina la menduloyo liri ndi phunziro lake. Ashoka anali mfumu yaikulu ya ku India zaka zoposa 2,200 zapitazo. Atagonjetsa dziko la Kalinga, anaona unyinji wa akufa ndi ogwidwa ukapolo, namva cisoni cacikuru, nalembetsa cisonico pa miyala kuti anthu onse adziwe. Momwemonso mendulo siibweza mwana kwa amake, kapena mwamuna kwa mkazi wake. Anyamata 17 amene anafa mbali inayo naonso anabadwa kwa akazi, ndipo mlandu wa Kashmir sunathe kufikira lero. Msilikali akhoza kuchinga njira ya m'phiri ndi cifuwa cake, monga anacitira Mohit Sharma. Koma kuweruza mlandu umene unaika anyamatawo m'nkhalango ndi nchito ya akulu a maiko, ndipo caka ciriconse cimene iwo azengereza, amene alipira ndi ana a eni.