Milu Isanu ndi Itatu

Ndaphunzitsa masamu pasukulu ina ya pulayimale m'mphepete mwa nyanja, m'boma la Mangochi, kwa zaka 14. Pa zaka zonsezi, funso limene linandisowetsa tulo silinachokere m'buku kapena pa pepala la mayeso a MANEB. Linachokera kwa mtsikana wa Sitandade 6, amene pano ndimutcha Mariamu ngakhale si dzina lake.

Sabata imeneyo tinali pa mafulakishoni. M'kalasi munali ana oposa 100, ndipo njira yanga inali ija ya masiku onse: kulemba lamulo pabolodi, ana kulibwereza mokweza m'Chingerezi, kenako kuchonga makope. Mariamu ankakhoza bwino ndithu. Choncho ndinadabwa tsiku lina anzake ataweruka iye atatsala pakhomo, akupotokola ngodya ya mpango wake.

"Aphunzitsi," anatero, "kodi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu ndiye kuti eyiti sauzande?"

Poyamba ndinafuna kuseka, koma nkhope yake inandiletsa. Bambo ake, amene anali msodzi, anali atamwalira miyezi iwiri yapitayo. Abale a malemu anagulitsa bwato ndi maukonde, ndipo atabweza ngongole ndi kulipira za maliro panatsala K240,000. Shehe anali atanena pa maliro kuti mkazi wamasiye amene mwamuna wake wasiya ana amalandira gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu. Abale aja anapereka K8,000 kwa mayi ake a Mariamu, nanena kuti eyiti ya Shehe ndi imeneyo. Za gawo la ana sanatchule n'komwe.

Ndinachita manyazi. Mwana ameneyu dzulo lake anali atakhoza masamu asanu a mtundu womwewu m'kope, ine n'kumulembera mawu omuyamikira ndi cholembera chofiira. Koma 1/8 ya pabolodi ndi gawo la mayi ake zinali zinthu ziwiri zosadziwana m'mutu mwake, ndipo amene anazilekanitsa ndinali ine.

Ndinatenga thumba la zitsekerero za mabotolo limene ana a Sitandade 1 amawerengera, n'kukhuthulira zitsekerero 24 pansi. Ndinamuuza kuti chilichonse chikuimira K10,000, ndipo azigawe m'milu isanu ndi itatu yofanana. Anagwada nayamba kuponya chimodzichimodzi, monga amachitira akulu pa bawo. Atamaliza anawerenga mulu umodzi, nabwerezanso.

"Zitatu, aphunzitsi. K30,000."

Anakhala chete, kenako anafunsa: "Ndiye kuti mayi anawabera?"

Apa lilime linandilemera. Ine ndine mphunzitsi wa boma, mlendo m'mudzimo, ndipo mmodzi mwa abale aja anali mu komiti ya sukulu. Komanso kugamula za chuma chamasiye si udindo wanga. Ndi wa anthu amene anaphunzira malamulo a Chisilamu. Koma kunena kuti sindikudziwa kukanakhala bodza, pakuti yankho linali pansi, m'milu ija. Ndinati: "Mwanawe, zomwe waona ndi maso ako ndi zoona. Zilembe papepala ndi dzanja lako, ukawawerengere mayi. Akamaliza eda apite nalo kwa Shehe."

Usiku umenewo ndinatsegula Qur'an pa Surat An-Nisa, ndime 11 ndi 12, zimene ndakhala ndikuzimva kuyambira ndili kumadrasa. Ndinaziwerenga tsopano ndi maso a mphunzitsi wa masamu. Mmenemo muli theka, gawo limodzi mwa anayi, limodzi mwa asanu ndi atatu, awiri mwa atatu, limodzi mwa atatu, ndi limodzi mwa asanu ndi limodzi. Phunziro limene ndinkalipereka mothamanga kuti ndimalize silabasi, Allah analiika pakati pa malamulo otchinjiriza ana amasiye ndi amayi awo. N'chifukwa chakenso Muhammad ibn Musa al-Khwarizmi, amene analemba ku Baghdad cha m'ma 820 buku limene mutu wake unabala dzina la algebra, anapereka gawo lalikulu la bukulo ku masamu a chuma chamasiye ndi mawilu. Ngakhale zakaat ya ndalama, limodzi mwa magawo 40, sangaipereke molondola munthu wosadziwa kugawa.

Miyezi inayi ndi masiku khumi itakwana, mayi aja anapitadi kwa Shehe ndi pepala la mwana wawo. Shehe anaitanitsa onse kumzikiti nawerengera pamaso pawo: K30,000 ya mayi, ndipo pa K210,000 yotsalayo, magawo awiri a mchimwene wake wa Mariamu, K140,000, ndi gawo limodzi la Mariamu, K70,000. Abale aja anavomera, koma ndalama zambiri anali atadya kale. Anabweza pang'onopang'ono, ndipo mpaka lero sanamalize. Bambo wa mu komiti uja anatha chaka chathunthu osayankha salamu yanga, ndipo panamveka mawu akuti ndimasokoneza mabanja. Ndinkayembekezera kusamutsidwa tsiku lililonse. Alhamdulillah, ndidakali pompano.

Kuyambira pamenepo sindiyamba phunziro la mafulakishoni ndi choko. Ana amabwera ndi zitsekerero, timiyala, nthawi zina usipa wouma, ndipo timagawa kaye ndi manja, tikulankhula Chichewa ndi Chiyao, kenako n'kupita pabolodi. Zimadya nthawi, ndipo alipo anzanga amene amati ndimachedwetsa silabasi. Sakunama. Koma mwana amene anadzigawira yekha milu sanganenenso kuti 1/8 imaposa 1/4 chifukwa 8 ndi wamkulu kuposa 4.

Makolo anzanga, timatumiza ana kusukulu m'mawa ndi kumadrasa masana ngati kuti akupita kumayiko awiri. Madzulo ano, mwana akabwera ndi kope la masamu, mupatseni nyemba 24 ndipo mumufunse gawo limene mayi ake angalandire inu mutatsogola. Ngati sadziwa, gwadani naye pansi mugawe pamodzi.