Nyenyezi Zisanu ndi Umboni Wathu

Tikadali ku seminale tinaphunzira kuti lamulo lachisanu ndi chitatu la Mulungu limaletsa umboni wonama. Masiku amenewo maganizo athu ankangothamangira kukhoti ndi kubwalo la amfumu. Sitinadziwe kuti bwalo lina lidzalowa m'thumba mwathu, pa foni ya m'manja.

Kampani ya Uber, imene inayamba mu 2009 ku San Francisco nifika ku Johannesburg mu 2013, imalumikiza munthu wofuna ulendo ndi dalaivala kudzera pa foni. Ulendo ukatha, foni imapempha wokwera kuti apatse dalaivalayo nyenyezi, kuyambira 1 mpaka 5. Kompyuta imaziwerengera pamodzi, ndipo zikatsika kupyola mlingo umene kampani inaika, dalaivala angathe kutsekeredwa, osalandiranso okwera. Ifenso, titakwera galimoto yotere paulendo wina, tinadina nyenyezizo mothamanga, osalingalira konse kuti tikuperekera munthu umboni.

Apa mpamene pagona nkhani. Wokwera salumbira, ndipo safunsidwa mafunso pamaso pa woimbidwa mlandu. Wina amachepetsa nyenyezi chifukwa dalaivala wayendetsa mosasamala, ndipo nkoyeneradi kutero. Koma wina amazichepetsa chifukwa cha khungu la dalaivalayo, kalankhulidwe kake kachilendo, kapena dzina loulula chipembedzo chake. Kompyuta siona mumtima: nyenyezi ya choonadi ndi nyenyezi ya tsankho imaziyesa zolemera chimodzimodzi.

Mu 2020 dalaivala wina wa mtundu wa ku Asia anasumira Uber kukhoti ku San Francisco, nanena kuti njira imeneyi imalola tsankho la okwera kuchotsetsa anthu ntchito. Makhoti anautaya mlanduwo, komaliza mu 2024, ponena kuti umboni wake unali wosakwanira. Tiphunzirepo kanthu: tsankho logawanika pa zala zikwizikwi ndi lovuta kuligwira, pakuti aliyense waponyapo kamwala kamodzi kokha.

Komabe osunga malamulo sanagone. Mu 2021 khoti lalikulu koposa la ku Britain linagamula kuti madalaivala amene anasumira Uber anali antchito oyenera malipiro osachepera mlingo wa boma ndi tchuthi cholipidwa. Linaonanso kuti nyenyezi ndi njira imodzi imene kampani imawalamulira nayo. Mu 2024 maiko a European Union anavomereza lamulo lakuti chigamulo chotsekera wantchito wotere chipangidwe ndi munthu, osati makina okha, ndiponso kuti mwiniwake auzidwe chifukwa chake. Zimenezi sizachilendo kwa ife, pakuti makolo athu sankaweruza mlandu asanamve mbali zonse ziwiri. Nazonso zikugwirizana ndi kalata ya Papa John Paul II ya mu 1981, Laborem Exercens, yophunzitsa kuti munthu wogwira ntchito aposa chuma ndi makina.

Koma lamulo la boma silingalape m'malo mwathu. Tili ndi abale ku Joni amene amadziwa kuwawa kwa kutchedwa mlendo, amene ndalama zawo zimaphunzitsa ana ndi kugula feteleza kuno kumudzi. Tikamva kuti anyozedwa, mtima umatipweteka. Nanga ifeyo, kodi sitinayesepo munthu potengera chigawo chimene achokera, mtundu wake kapena kumene apemphera, tisanaone ntchito yake? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsono, abale okondedwa, pamene tapemphedwa kunena za ntchito ya munthu, kaya pa foni, kaya pamsonkhano wa mphakati, tiyambe taima pang'ono ndi kudzifunsa: kodi tikuyesa ntchito yake kapena nkhope yake? Kuseri kwa nyenyezi iliyonse kuli banja lodikira ufa. Ambuye Yezu, amene mboni zonama zinamuimirira pabwalo la akulu, atithandize kukhala mboni zoona.