Ulendo wa ku Chinamwali, ndi Nkhani ya Kukhala M'dziko la Eni

Mwezi wathawu ndinalandira mau ochokera kwa mlongo wanga amene akhala pa Chinamwali, akuti: "Achimwene, bwerani msanga, pakhomo pano pagwa nkhani yofuna mwini mbumba." Munthu woitanidwa chotero safunsa za mvula. Ndinalawira m'mamawa, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo ndinali nditatsika pa Zomba.

Inu amene simunafikeko, Chinamwali ali pa mseu wochoka m'tauni kunka ku Domasi ndi ku Liwonde, patsinde penipeni pa phiri. Nyumba zake zathithikana pakati pa matanthwe, ndipo m'mbali mwa mseu mupeza amai ali kuswa miyala ndi nyundo, naiunjika milumilu kudikira omanga nyumba. Zomba anali likulu la dziko lino kufikira 1975, pamene Boma linasamukira ku Lilongwe. Maofesi anachoka, koma anthu anatsala, nabala ana, ndipo ana amenewo aphunzira sukulu. Tsono maso ao ali kunja.

Nkhani inali iyi. Mwana wa mlongo wangayo ndi namwino, wagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo wakhumba kunka ku Canada kukakhala konko. Munthu wina wa ofesi mu mzinda anamuuza kuti akapereka ndalama zakutizakuti, miyezi itatu isanathe adzampezera chigawo chomlandira. Ndalamazo panalibe. Pamenepo mlongo wanga anaganiza zogulitsa munda wa kudambo, umene umadyetsa mbumba yonse, ndi umene anauswa mphanje ndi agogo athu.

Usiku umenewo mwanayo anatsegula lamya yake, ndipo tinawerenga pamodzi zimene Boma la Canada linalemba lokha. Ndizifotokoze bwino, pakuti ndidziwa kuti nkhani yotere yalowa m'makomo ambiri.

Dziko la Canada lili ndi zigawo zazikulu 10, ndi madera 3 a kumpoto. Kale alendo ambiri anali kuthamangira ku mizinda ya Toronto, Montreal ndi Vancouver, zigawo zina nkumasowa antchito. Chifukwa chake mu 1998 chigawo cha Manitoba chinayamba kudzisankhira alendo amene chiwafuna, mogwirizana ndi Boma lalikulu la ku Ottawa, ndipo zigawo zina zinatsatira. Njira imeneyi aitcha Provincial Nominee Program. Quebec ali ndi pangano lakelake la 1991, ndipo Nunavut alibe njirayi. Chigawo chimayang'ana ntchito ya munthu, maphunziro ake, zaka zake, Chingerezi kapena Chifalansa chake; zigawo zina, monga Manitoba, zimafunsanso ngati ali ndi mbale kapena bwenzi komweko. Chikakhutira, chimlembera kalata yomsankha. Koma kalatayo sindiyo chilolezo ai. Mau omaliza ali ndi Boma la ku Ottawa, limene liyesa thupi la munthuyo kwa dokotala, nilifuna kalata ya apolisi, ndipo pambuyo pake limpatsa chilolezo chokhala m'dzikomo kosabwerera.

Kuyambira 2015 kuli kaundula wina wotchedwa Express Entry, m'mene opempha amapatsidwa malikisi osapitirira 1,200. Wosankhidwa ndi chigawo kudzera m'kaundulayo amalandira malikisi 600 nthawi imodzi, ndipo ndicho chifukwa chake kalatayo anthu aithamangira chotero.

Tili mkati mowerenga, mai athu, amene tinayesa kuti agona, anakhosomola pa mphasa nati: "Kodi zimenezi mukuti nzachilendo? Mai anga analowa m'dziko lino momwemo."

Ndipo anatisimbira. Mai ao anali kamtsikana pamene makolo ao anathawa ku Mozambiki, kutopa ndi msonkho, ndi chibalo, ndi mbalamatodya ya asilikali a Apwitikizi. Anayenda usiku, nalambalala nyanja ya Chilwa, nafika kuno ali ndi khasu ndi mphika basi. Sananke kwa Bwana DC, pakuti Bwana DC sadziwa nkhope ya munthu. Anafuna mbale wao amene anatsogolako. Mbaleyo anawatengera kwa nyakwawa, nawaikira umboni kuti ndi anthu olima, opanda mlandu. Nyakwawa inawaloza thengo loti aswe, inakawatchula kwa mfumu, ndipo pambuyo pake dzina lao linalowa m'buku la msonkho la Boma. "Kuyambira tsiku limenelo," anatero mai, "tinasanduka a kuno."

Mau a mai ndi oona. Alomwe analowa m'Nyasaland ochuluka kuyambira cha m'ma 1890, ndipo kalembera wa 1945 anawapeza oposa 370,000. Koma si onse anagwa m'manja mwa nyakwawa yabwino. Ambiri analandiridwa ndi azungu a maesiteti, monga a ku Magomero, amene anawapatsa pokhala posinthana ndi thangata. Ndipo pokhala analibe kobwerera, anapirira zimene eni dziko akadakana. Kuwawa kwa thangata ndi chimodzi cha zimene zinautsa nkhondo ya John Chilembwe mu 1915, ndipo lamulo lolithetsa linadza mu 1962. Ine ndiona kuti nkhani ya mai inatithandiza koposa lamya ija, pakuti inatikumbutsa kufunsa kuti wokulandirayo ndani, ndipo afuna chiyani kwa iwe.

M'mawa mwake ndinati kwa mwanayo: "Tiye tikwere phiri, nkhani ina sikambidwa pamaso pa mai ako." Tinayenda pansi, kupatukira amai otsika ndi mitolo ya nkhuni yotalika kuposa iwo eni, ndi anyamata ogulitsa masitirobere m'timbale. Tinadutsa damu la Mulunguzi, limene limwetsa tauni yonse, ndi nkhalango ya paini imene yatha ndi nkhwangwa m'malo ambiri. Miyendo yanga si ya kale, ndipo ndinapuma kanai. Nsonga ya phirili ipitirira mamita 2,000, koma ife tinalekezera pa malo otchedwa Emperor's View, pokumbukira Haile Selassie wa ku Ethiopia amene anacheza m'dziko lino mu 1965.

Ha! Pamenepo dziko lonse lagona pansi pa mapazi ako. Chilwa ali kung'anima ndi chilumba chake cha Chisi, Mulanje waima kumwera ngati khoma, ndipo kuseri kwa nyanjayo mapiri a ku Mozambiki aoneka mwa chizimezime. Ndinamlozera ndi chala njira imene anadzera agogo. Iye anayang'ana nthawi yaitali osanena kanthu.

Tsono ndinamfunsa za mtengo wake, ndipo anayankha mosabisa. Ayenera kulemba mayeso a Chingerezi, monga a IELTS, ndi kulipira. Makalata ake a sukulu ayenera kuyesedwa ndi bungwe lovomerezeka ndi Canada, ndi kulipiranso. Mu 2024 malipiro a Boma la ku Ottawa pa munthu mmodzi wamkulu anakwera kufika madola a Canada 1,525. Ndipo wopempha kudzera m'kaundula uja alibe ntchito yomdikira ayenera kuonetsa ndalama zakezake, zosakongola, zimene mu 2025 zinapitirira madola 15,000. Pamwamba pa zonsezi, namwino wa kuno sagwira wodwala kumeneko kufikira bungwe la anamwino la chigawocho litamuyesa ndi kumlembetsa, ndipo ambiri ayamba ndi ntchito yotsika, yosamala okalamba.

"Nanga munthu wa ofesi uja," ndinafunsa, "walowa pati m'zonsezi?"

"Atsibweni," anatero, "ndicho chimene chandisowetsa tulo."

Lamulo la Canada linena kuti wolandira ndalama pothandiza munthu kupempha ayenera kukhala loya wovomerezeka kumeneko, kapena mlangizi wolembedwa m'kaundula wa College of Immigration and Citizenship Consultants. Tinafunafuna dzina lake m'kaundulamo, koma mulibe. Ndipo ngakhale likadakhalamo, palibe munthu angalonjeze kalata ya chigawo, pakuti chisankha ndi chigawo. Malonda a makalata a ntchito anakula chotero kuti m'mwezi wa Malichi 2025 Boma la ku Ottawa linaleka kupereka malikisi chifukwa cha lonjezo la ntchito. Khomo lenilenilo limakula ndi kuchepa: mu 2024 malo a osankhidwa ndi zigawo anali 110,000, koma a 2025 anawadula pakati, nakhala 55,000. Wolonjeza miyezi itatu analonjeza chinthu chimene sichili m'manja mwake.

Panatsala funso langa la ine mwini, limene silili m'lamya. Ife tinakula ndi mau akuti machona. Amuna ananka ku Joni ndi Wenela, kufikira ndege inagwa ku Francistown mu 1974 ndi kupha anthu athu oposa 70. Ena ananka ku Halale ndi Mthandizi. Koma iwo ananka ndi pangano la miyezi, ndipo wosabwerera anachita manyazi. Njira iyi ya lero njosiyana, pakuti munthu alembera pa pepala kuti afuna kukhazikika m'chigawo chomsankhacho, ndipo kuti chilolezo chisamthere ayenera kukhala m'Canada masiku 730 pa zaka zisanu zilizonse. Ndiko kupempha kuchona poyera, dzuwa lili kuswa mtengo. Ndinamuuza za Winnipeg, kumene usiku wa Januwale kuzizira kumatsika madigiri 20 pansi pa ziro, iye amene anavala majuzi awiri pa phiri la Zomba. Anaseka. Ndinamuuza za anganga ake, amene mwina sadzawaikira dothi. Pamenepo sanaseke.

"Anganga a mai anga anasiyanso manda ku Mozambiki," anatero motsitsa mau.

Ndinasowa choyankha, ndipo tinatsika.

Madzulo ndinasonkhanitsa mbumba pakhonde, ndipo ndinanena mau anga. Munda sugulitsidwa, pakuti suli wa mlongo wanga yekha, ndipo ana a mng'ono wake adya momwemo. Munthu wa ofesi salandira tambala. Koma mwanayo sindimletsa: mbuzi zanga ziwiri ndigulitsa, alembe mayeso a Chingerezi, ndipo malikisi akatuluka tidzakhalanso pansi kuona ngati chilipo chigawo chofuna anamwino. Mlongo wanga anadandaula kuti zaka zili kupita, ndipo sananame, pakuti m'kaundula uja malikisi a msinkhu ayamba kutsika munthu akafika zaka 30, ndipo mwanayo ali ndi 28.

Mai sanalankhule kufikira tonse titatha. Pamenepo anaitana mdzukulu wao, namgwira dzanja, nafunsa ngati ku Manitobako kuli munthu wa kuno amene angakamtengere kwa nyakwawa. Mwanayo anati alipo mnzake mmodzi wa kusukulu ya unamwino. Mai anati amlembere kalata usiku womwewo, ndipo aikemo moni wao.