Buku limene achimwene sanandibwezere

Anzanga a m'gulu muno, sabata ino ndabwera ndi nkhani ya buku limene kunyumba kwanga kulibenso. Ndinabwereketsa, ndipo sindikufuna kukalilonjerera.

Ndinaligula m'tauni mwa Blantyre, kwa anyamata oyala mabuku akale pansi aja, chikuto chili chong'ambika. Mutu wake ndi The Forever War, wolemba ndi Joe Haldeman wa ku America, ndipo linatuluka mu 1974. Haldeman anamenya nawo nkhondo ya ku Vietnam, anavulalako, n'kubwerako kudzalemba za nkhondo ya kutsogolo, yomenyanirana kutali mlengalenga.

Mwachidule nkhani yake ndi iyi. Msilikali William Mandella akutumizidwa kukamenyana ndi zolengedwa zachilendo zotchedwa Taurans. Chombo chawo chimathamanga pafupifupi ngati kuwala, ndiye malinga ndi sayansi ya Einstein, nthawi imachedwa kwa amene ali m'chombomo pamene kwawo ikuthamanga. Iye akuwerenga zaka ziwiri, koma pobwerera akupeza kuti padziko padutsa zaka zoposa 20. Akulephera kuzolowera, n'kubwereranso ku usilikali. Pomwe nkhondo ikutha padutsa zaka zoposa 1,000, ndipo zikudziwika kuti chiyambi chake chinali kusamvana chabe.

Kwathu kuno ku Namiwawa bukuli linadutsa m'manja mwa anthu atatu, ndipo aliyense anawerenga buku lakelake.

Woyamba anali mnzanga wa kuntchito. Anangofika pakati n'kundiponyera. "Aise, zabodza za azungu izi. Ife tikuvutika ndi mafuta ndi magetsi, iwe ukundipatsa nkhondo ya ku nyenyezi?" Sindinamutsutse, chifukwa nane poligula ndinkangofuna chotayitsa nthawi magetsi akazima.

Wachiwiri anali mwana wa azakhali amene akuphunzira za sayansi. Iyeyu analikonda kwambiri mpaka anakafunafuna mabuku ena a Haldeman. Ndiye anandiuza za Forever Peace la 1997, mmene asilikali a mayiko olemera amakhala patali n'kumayendetsa makina omenya nkhondo ndi ubongo wawo, kulimbana ndi gulu la mayiko osauka lotchedwa Ngumi. Anati limenelo ndiye lathu, chifukwa m'bukumo ifeyo ndi amene makinawo akutiponda, ndipo lero ma drone tikuwaona pa nkhani tsiku ndi tsiku. Koma Forever Free la 1999 linamukwiyitsa. Anati mathero ake ali ngati wolemba anatopa n'kungotseka chitseko. Tinakangana usiku wonse kuti labwino kuposa onse ndi liti.

Wachitatu sindinamupatse dala. Achimwene anga ndi msilikali, ndipo anali m'gulu la amene anapita kukasungitsa mtendere ku Congo. Atabwerako tinavina, tinapha mbuzi, tinathokoza Mulungu. Kenako tinayamba kudandaula kuti asintha. Sayankhula. Pa maliro amakhala kumbali. Chitseko chikamenyeka amadzidzimuka. Ine ndemwe ndinawauza alamu anga kuti bamboŵa ayamba kunyada chifukwa cha tindalama ta kunja.

Loweruka lina atabwera kudzacheza anaona bukulo patebulo n'kulitenga osanena kanthu. Patatha milungu itatu anandiimbira foni usiku.

"Iwe, amene analemba bukuli anapitako."

Ndinati eya, anapita ku Vietnam. Iwo anati sakunena zimenezo. Za mfuti ndi zombo anati sizinawakhudze, zina anangodumpha. Chinawagwira ndi pamene Mandella akufika kwawo n'kupeza kuti anthu anapitiriza moyo popanda iye. Ndiye anayamba kufotokoza zimene sananenepo chibwerereni. Anachoka mwana wawo akuyamwa, anabwera akuyenda, ndipo atatambasula manja mwanayo anathawira kumbuyo kwa amake akulira. Kwa mwezi wathunthu ankawatchula kuti ankolo. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 iwo ali kunja, moti tsiku loyamba kupita ku msika wa Limbe anakangana ndi wogulitsa, kuganiza kuti akuwabera. Ndipo aliyense ankawafunsa kuti atibweretsera chiyani. Palibe anafunsa kuti anaonako zotani.

Ndinakhala chete, manyazi atandigwira. Pa anthu osafunsawo woyamba ndinali ine.

Timakonda kunena kuti Malawi ndi dziko la mtendere, ndipo n'zoona. Koma nkhondo timaidziwa kudzera mwa anthu obwerako. Chipilala cha asilikali a KAR chili ku Zomba chija chikukumbutsa za agogo athu. Mu November 2018 asilikali athu asanu ndi mmodzi anaphedwa kufupi ndi Beni, mmodzi mwa iwo ndi Chancy Chitete amene bungwe la United Nations linamulemekeza ndi mendulo chifukwa chopulumutsa mnzake. Mu January 2025 enanso atatu anafa kum'mawa kwa Congo komweko. Omwalirawo timawalira, ndipo n'koyenera. Nanga obwera amoyo, amene amafika thupi lili lonse koma nthawi yawo ndi yathu zitasemphana?

Mnzanga wa kuntchito uja sanalakwe kwenikweni, Taurans kulibe. Mwana wa azakhali nayenso ali ndi mfundo. Koma ndaphunzira kuti tikamakangana za buku m'gulu muno, nthawi zina timaweruza msanga poti nkhaniyo sinatigwerepo. Buku limene wina analiponya pakati, kwa wina linatsegula pakamwa pamene abale tinalephera.

Alamu anandiuza kuti bukulo amalisunga pansi pa pilo, ndipo masamba ena anawapinda. Lamlungu likubwerali ndikupita kukawaona. Sindikatchula za buku. Ndikangofunsa funso limene ndinachedwa nalo: achimwene, kunali bwanji kumeneko?