Kuiwala kwa agogo si ukalamba chabe

Agogo akamaiwala zomwe adya m'mawa koma n'kumakumbukira nyimbo za paubwana, timangoti ndi ukalamba, ena mpaka kuwanamizira ufiti. Komatu mu 1906 dokotala Alois Alzheimer anafotokoza zibuma ndi timaulusi topiringizana mu ubongo wa mayi wodwala matenda oiwala. Lero tikudziwa kuti zimenezi ndi mapuloteni awiri: amyloid imaundana pakati pa maselo, tau imapiringizana m'kati mwawo, kuyambira cha ku hippocampus, mbali ya ubongo komwe zatsopano zimasungidwa. N'chifukwa chake zadzulo zimathawa, zakalekale n'kutsala. Ena amati okalamba ambiri ali ndi amyloid koma mutu ukuyenda bwino. N'zoona, koma tau ikafalikira n'kudula molumikizana maselo, kuiwala kumakula motsatira.