Ntchito Yanga ndi Kuchedwetsa Wakuba

Ndine mmisiri wa mawaya a galimoto ndi zowotcherera, ndipo ndimagwirira ntchito pa Chisepo pano. Miyezi imene ndimasowa mpata wokhala pansi ndi ya pakati pa Meyi ndi Ogasiti, fodya akagulidwa ku okushoni ku Kanengo, soya ndi mtedza zitapita kwa mavenda. Nthawi imeneyo anthu amafika ndi magalimoto ogula kumene: Mira, Alto, Passo, Vitz, March, ndiponso Sienta, imene masiku ano ndiyo ikunyamula anthu ndi matumba awo kupita ku Mponela, ku Madisi, mpaka kukwera mapiri a ku Ntchisi. Funso lawo silisintha: "Amisiri, kodi kagalimoto aka akuba sangakatenge?"

Ndimawauza zoona. Angakatenge. Chimene ndimagulitsa ine ndi nthawi. Wakuba amadana ndi zinthu ziwiri, kuchedwa ndi kuonedwa, ndipo chilichonse chimene ndimamangirira pa galimoto chimakhala chofuna kuti achedwe mpaka galu auwe kapena mlonda adzuke.

Magalimoto amenewa anapangidwira ku Japan, dziko limene kuba galimoto zazing'ono si nkhani yodetsa nkhawa ngati kuno. Amatsikira pa doko la Dar es Salaam, kulowera pa Songwe, atagwira kale ntchito zaka khumi kapena kuposerapo. Ku Germany ndi ku Britain, kuyambira mu 1998 galimoto yatsopano inayenera kukhala ndi immobiliser, kachipangizo kamene kamakaniza injini kulira pokhapokha kiyi akhale ndi kachipi kodziwana ndi kompyuta ya galimotoyo. Ambiri mwa magalimoto otchipa amene timalandira kuno alibe zimenezi. Kiyi wake ndi chitsulo chabe, chimene mnyamata wodula makiyi pamsika angakope munthu akudya chipisi. Asaganize wina kuti ndi vuto la amphawi okha. Ku America, kuyambira mu 2021, mumzinda wa Milwaukee ndi ina yambiri, achinyamata anaba magalimoto a Kia ndi Hyundai ochuluka zedi pa chifukwa chomwechi, atauzana njira yake pa TikTok.

Choncho chinthu choyamba ndimatenga kiyi m'manja. Ndimayang'ana mutu wake, kenako ndimayang'ana pa dashibodi ngati pali kanyali kofiira kothwanima injini ikazima. Ndikapeza kuti kiyi ndi wachabechabe, ndiponso watha mano moti amatuluka mu loko injini ikulira, ndimadziwa kuti pali ntchito.

Komabe kunena mosabisa, kumudzi kuno kuba galimoto yathunthu sikuchitika kawirikawiri. Misewu ndi yafumbi, nthawi ya dzinja ndi matope okhaokha, ndipo galimoto iliyonse imadziwika mwini wake ngakhale ndi ana. Chimene chimachitika ndi chakuti galimoto imadyedwa pang'onopang'ono ngati chimanga cha m'nkhokwe chikagwidwa ndi anankafumbwe. Lero batire, mwezi wamawa magalasi oonera kumbuyo, kenako matayala.

Batire ndilo limayamba kupita, ndipo chifukwa chake aliyense wa kuno amachidziwa. M'midzi yopanda magetsi a ESCOM, batire la mavolti 12 ndi chuma. Ukalilumikiza ku sola umatchaja mafoni, umameta anthu, umaonetsa mpira. Wogula alipo kale batirelo lisanabedwe. Ndiye ndimawotcherera kakhola ka chitsulo kozungulira batire, kokhala ndi chotchingira pamwamba ndi loko wa pakhomo wolimba. Ntchitoyi imafuna kudekha. Ndimayamba ndachotsa batire ndi kumasula mapulagi a kompyuta, chifukwa moto wa makina owotcherera ukadutsa m'mawaya umapsereza zinthu zodula kuposa batirelo. Khola ndimalipangira pansi, ndi kulimanga ndi mabawuti amene mitu yake ndimaiphwanya ndikamaliza. Pakati pa chitsulo ndi mutu wa batire wofiira uja ndimasiya mpata wokwana zala ziwiri, ndi kuphimbapo ndi chidutswa cha chubu cha tayala. Ndinaonapo khola lopangidwa mothamanga likukhudza mutuwo pa mabampu, boneti n'kuyamba kufuka utsi. Pomaliza ndimabisa chingwe chotsegulira boneti m'kapaipi, kuti dzanja lochokera kunsi lisachifikire.

Matayala nawo ali ndi msika wosavuta. Vitz, Passo, Mira, March ndi Sienta yakale ija zonse zili ndi manati anayi otalikirana mofanana, choncho nthawi zambiri limu la galimoto ina limalowa pa inzake. Mphunzitsi wina anandiitana m'mamawa, ndipo ndinakapeza Passo yake itakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba, matayala awiri a mbali yakumdima kulibe. Manati anali atawasanja bwinobwino pa udzu. Mayi a m'nyumbamo anangoti, "Amisiri, ife tinagona osamva kanthu." Galimotoyo inali ya ngongole, yodulidwa pa malipiro mwezi ndi mwezi. Zinandikhudza kwambiri. Manati okhala ndi kiyi wakewake, limodzi pa tayala lililonse, akanawachedwetsa akubawo, ndipo mtengo wake sufika ngakhale wa tayala limodzi lakaunjika. Ndimangowapempha eni ake kuti kiyi wa manatiwo asamusiye m'kabokosi ka pa dashibodi, pamene wakuba amayambira kufufuza.

Amene amapita ku Lilongwe amabwerako akudandaula za magalasi a m'mbali ndi nyali. Pamenepo ndimakhomerera marivheti ndi kulemba nambala ya galimoto pa galasi lililonse ndi kamakina kozokotera. Galasi lolembedwa nambala ya mwini wake limavuta kugulitsa. Palinso chitini cha mu ekizozi chimene chimasefa utsi. M'kati mwake muli platinum, palladium ndi rhodium, miyala yodula kwambiri, ndipo nthawi zambiri chimachotsedwa galimoto ili m'manja mwa anthu amene mwawadalira, panjira yochokera kudoko kapena pa galaja. Galimoto ikangofika ndimagona pansi pake kuona ngati pali msoko watsopano wowotcherera. Mafuta atasowa mu 2022 ndi zaka zotsatira, anthu akugona pa mizere, kunabwera kuba kwina, kopopa petulo ndi paipi kapena kuboola thanki. Kuboola thanki kumandipweteka mtima, chifukwa wakuba amapeza malita ochepa koma mwini wake amatsala ndi thanki yakufa. Ndipo chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chipangizo chilichonse chobedwa chimatenga miyezi kuti munthu achibwezeretse.

Za zitseko sindinamiza munthu. Chitsulo cha magalimotowa ndi chopyapyala, ndipo galasi la pakhomo linapangidwa kuti likasweka liziphwanyika tizidutswatizidutswa, losiyana ndi lakutsogolo limene lili ndi pulasitiki pakati. Palibe loko amene angateteze chikwama chosiyidwa pampando. Mlimi amene watenga ndalama za fodya kubanki n'kuzisiya pansi pa mpando kuti akagule feteleza, dziwani kuti amene akumutsatira anamuona ali pamzere. Wailesi yokha ndiyo siikopa akuba kwenikweni, poti za ku Japan zimalekezera pa 90 FM ndipo zimalemba Chijapani.

Ntchito imene ndimainyadira kwambiri ndi switchi yobisika. Pampu ya petulo ya magalimotowa ili m'thanki, ndipo imadya magetsi kudzera pa waya amene amayenda pansi pa kapeti. Ndimadula waya wa rilei ya pampuyo ndi kuikapo kaswitchi. Ikakhala yozimitsa, sitata imazungulira bwinobwino koma injini siigwira, ndipo wakuba amaganiza kuti galimoto ndi yakufa. Sakhala ndi nthawi yofufuza. Luso lagona pa kabisidwe. Ndimagwiritsa waya wofanana mtundu ndi wa kufakitale, ndimalumikiza ndi mtovu osati kungopota, ndipo ndimakulunga ndi tepi yakuda mpaka mmisiri mnzanga sangazindikire pamene ndadutsa. Malo ake sindibwereza pa magalimoto awiri, ndipo sindingawatchule pano. Ikafika nthawi yoika switchiyo, anyamata amene ndikuwaphunzitsa ntchito ndimawatuma kukagula zinthu kumsika. Si kuti ndimawakayikira. Ndikuwateteza, kuti tsiku lina galimoto ikadzasowa dzina lawo lisadzatchulidwe pabwalo la amfumu.

Pamwamba pa switchi ndimakonda chitsulo chooneka ndi maso, loko wa giya kapena ndodo yokhoma chiwongolero. Wakuba akasuzumira pawindo n'kuona chitsulo chachikasu, amapita pa galimoto ina. Alamu sindiikana, koma yotchipa imalira ndi mphepo ndi nkhuku zomwe, anthu n'kuzolowera, ndiponso imamaliza batire la galimoto imene imakhala masiku osayenda. Tiraka yotsata galimoto pa foni ndi yabwino kwa a Sienta, bola mwini wake akumbukire kuti imadalira simukhadi ya Airtel kapena TNM, ndipo m'zigwa zina za mapiri athu ano netiweki imathawa. Magalimoto oyatsa ndi batani ali ndi immobiliser, inde, koma nawo ali ndi bala lawo, chifukwa ku Ulaya ndi ku Joni akuba ali ndi zida zokokera siginolo ya kiyi ali m'nyumba. Ndiponso kiyi wotere akatayika, ulendo ndi wa ku Lilongwe ndi ndalama zambiri.

Pali khomo limodzi limene sindingawotcherere, ndilo kiyi amene amayenda m'manja ambiri. Dalaivala wa masana, wothandizira usiku, wotsuka galimoto, mlamu wobwereka kupita kumaliro. Wina akagula galimoto kwa munthu ndi kupatsidwa kiyi mmodzi, ndimafunsa kuti, "Achimwene, nanga winayo ali kuti?" Ngati yankho palibe, timasintha maloko.

Anyamata oyendetsa Sienta ndimawalankhula ngati ana anga. Choopsa chawo si wothyola loko koma wobwera ngati kasitomala, wofuna hayala usiku kupita kumudzi wakutali, wosanenerera mtengo. Ndimawauza kuti atenge mnzawo, auze a pa siteji kumene akupita, ndipo zikavuta apereke kiyi osalimbana. Ena amandipempha kuti ndiike switchi pamene angaifikire achifwamba ali m'galimoto. Ndimakana. Injini ikazima chigawenga chili pambali pako ndi chikwanje, mkwiyo wake umathera pa iwe, ndipo ine sindifuna kukhala mmisiri amene anaphetsa mwana wa eni.

Ndisanabweze galimoto timakhala pansi ndi mapepala. Ambiri amadabwa ndikawauza kuti inshuwalansi ya third party, imene lamulo limakakamiza, siilipira kanthu galimoto ikabedwa, ndipo imene imalipira ndi comprehensive. Ndimatsegula boneti ndi kuwaonetsa nambala ya chasisi yodindidwa pa chitsulo, yoyamba ndi NCP81 pa Sienta yakale kapena KGC10 pa Passo, ndipo timaifananiza ndi imene ili pa khadi la ku Road Traffic. Ngati zasiyana, kapena ngati pamalopo paoneka pogwiragwira ndi penti yatsopano, ndimawatumiza kupolisi ndisanakhudze waya ndi mmodzi yemwe. Ngati zagwirizana, ndimawauza kuti ajambule nambalazo pa foni ndi kuzilembanso m'kope losiya kunyumba, chifukwa galimoto ikasowa, nambala ya kutsogolo ndi kumbuyo imasinthidwa usiku womwewo, ndipo apolisi a pa Mponela adzafunsa ya chasisi ndi ya injini.