Mtembo wa Galimoto

Kwathu ku Lobi, kumapiri a Dedza, galimoto ndi khasu. Mbatata ya kachewere, kabichi ndi tomato sizingatsike zokha kukafika pa Linthipe, pamseu wa M1. Pikapu ya atsibweni anga ndiyo inkazitsitsa, ndipo fizi yanga ya pano inkachokera m'matayala omwewo.

Mu Januwale 2024, mvula ili pakati, pikapuyo inaterereka pamtsetse nigubuduzika. Mwamwaŵi sipanafe munthu. Atsibweni analimba mtima poti ankalipira inshulansi yaikulu ija yoteteza ndi galimoto yomwe, osati ya third party yokha imene lamulo limakakamiza. Pokhala ine ndiye wasukulu pabanjapo, mapepala anagwera ine: lipoti la apolisi, blue book, laisensi ya dalaivala, COF ndi zithunzi.

Patapita masabata angapo kunafika bambo woyeza galimoto zangozi, wotumidwa ndi kampani. Anayerekeza nambala ya injini ndi ya m'buku, nasisita matayala kuona ngati anali osatha, kenaka anakwaŵira kunsi kukaona chesisi, msana wake wa galimoto. Chigamulo chinali chachifupi: msana wapindika, ndipo kukonza kudzadya ndalama zoposa mtengo wa galimotoyo. Yafa basi.

"Mtengo wake uti, bwana?" anafunsa atsibweni.

Apa ndiye panagona nkhani. Kampani siilipira kupitirira mtengo umene unalembedwa pomanga pangano, ndipo imachotsapo kachigawo kamene mwini amasenza yekha. Pangano la atsibweni linamangidwa kwacha isanachepetsedwe mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Galimoto ndi zitsulo zake zimachokera kunja, choncho mitengo inalumpha, pamene nambala ya papepala inangokhala duu. Kuwonjezera apo, akakulipira, chigobacho chimasanduka cha kampani. Atsibweni zinawavuta kumvetsa kuti mtembo ungatengedwe ndi alendo eni maliro ali pomwepo.

Kumudzi munthu akakuphera mbuzi, bwalo la amfumu limagamula mbuzi inzake, ndipo palibe amafunsa kuti chaka chatha inali pa ndalama zingati. Inshulansi imabweza nambala. Palibe anatibera, ndalama zinabwera monga mwa pangano, koma za pikapu ina sizinakwane. Atsibweni anagula ngolo ndi ng'ombe ziŵiri, zotsalazo nandilipirira chaka chimodzi.

Ngoloyo imathera pamsika wa Lobi. Tsopano mbatata yathu amagula mavenda obwera ndi galimoto zawo, ndipo mtengo amanena ndi iwo.